Malaya Amene Anatsala mu Mphika

Kuno ku Delray, dera lathu la mumzinda wa Detroit, nkhani sigona panjira. Ukayetsemula pa siteji ya sitima ya mumsewu, ukamafika pa tchalitchi umapeza amayi akukambirana kale za maliro ako. Ndiye ya Etelka Bodnar ndi malaya ake, abale inu, imeneyo inafika ngakhale kwa ogontha.

Malayawo Etelka anawasoka miyezi isanu ndi iwiri, ndipo sanali malaya wamba ayi. Ife Ahangare, mtsikana akalola mnyamata amamusokera malaya a chitomero, oyera, a maluwa m'khosi ndi m'manja, ndipo mnyamatayo amawavala tsiku lodzapempha ukwati kwa makolo. Akawataya kapena kuwabweza, basi zatha, palibenso zokambirana. Maluwa a pa malaya a Etelka anali a ulusi wofiira umene malemu mayi ake anachoka nawo kumudzi pobwera ku Amereka. Ulusiwo unathera pa duwa lomaliza penipeni, osatsalako ndi kachidutswa komwe.

Mwini malaya anali Gaspar Sipos, wamtali uja wa mpata m'mano, wogwira ntchito ku kampani yopanga magalimoto. Bambo ake a Etelka, a Bodnar, sankamufuna ngakhale pang'ono.

"Munthu womanga nati imodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ameneyo ndi munthu kapena sipanala?" ankatero. "Ndiye ati akuphunzira Chingerezi. Mawa adzaiwala ndi dzina la amake lomwe."

Koma azakhali a Piroska, mlongo wawo wa a Bodnar, anawanyengerera chaka chathunthu mpaka mdalayo anagonja.

"Abwere Lamlungu likubwerali atavala malayawo. Ndikawaona pathupi pake, tidzakambirana."

* * *

Lolemba madzulo Gaspar anaima kuseri kwa mpanda, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, chipewa chili m'manja.

"Etelka, tandibwereka malaya anga aja."

"Ako ati? Adzakhala ako Lamlungu. Lero ndi anga."

"Usatero iwe. Mawa tikumaliza sukulu ya Chingerezi ya kukampani ija. Kuli mwambo waukulu, ndipo atiuza kuti aliyense abwere atavala zakwawo. Ine zakwathu ndizitenga kuti? Ndinatsika m'sitima ndi jekete limodzi, ndipo makoswe a kwa Mayi Dobos analimaliza kalekale."

"Makoswe, kapena Jolan?"

Gaspar anaseka, koma Etelka sanaseke kwenikweni. Jolan anali mwana wa Mayi Dobos, kumene Gaspar ankachita lendi chipinda. Ankagulitsa magolovesi m'sitolo ya m'tauni, Chingerezi ankachita kuchitafuna, ndipo aliyense ankadziwa kuti supu ya Gaspar ankaiika nyama ziwiri, ena onse imodzi.

"Zisiye za Jolan," anatero Gaspar. "Tamvera. Kuti kampani izindipatsa madola asanu patsiku, pakufunika zinthu ziwiri: satifiketi ya Chingerezi ndi mkazi. Satifiketi ndilandira mawa. Za mkazi ndinawauza kale kuti ndili naye womutomera. Bwana wa kampani woyendera makomo a antchito adzabwera ndi kabuku kake, adzamuone ndi maso, alembe dzina. Zikatero tipeza nyumba yathuyathu, ya mpopi m'kati."

"Ya mpopi m'kati?"

"Ndi khonde lomwe."

Etelka anathamangira m'nyumba, n'kutuluka ndi malaya atawakulunga m'pepala.

"Ukadonthezapo msuzi ndidzakupha."

"Detroit yonse idziwe kuti ndili ndi mwini," anatero Gaspar, atagwira phukusilo pachifuwa.

Mawu amenewo ndi amene anamupusitsa. M'malo mokhala chete, Etelka anayenda khomo ndi khomo. Anauza mkazi wa wogulitsa nyama. Anauza amayi a kwaya. Anauza ngakhale agogo osaona aja a pakona. "Mubwere mawa mudzaone malaya anga pamaso pa mabwana!" Bambo ake anawakakamira mpaka analola kuti apita.

"Mwana iwe," anatero azakhali a Piroska, "mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

"Inunso azakhali, ndi nsanje chabe."

* * *

Tsikulo linali la tchuthi cha ufulu wa Amereka, ndipo holo inadzaza mpaka kukhomo. A ku Delray anatenga mabenchi atatu athunthu, Etelka pakati, bambo ake kumanja, azakhali kumanzere. Jolan ndi mayi ake anakhala kumbuyo kwawo kwenikweni.

Kutsogolo kunali chinthu chimene palibe anachiyembekezera: chimphika chakuda bii, chachikulu ngati nyumba, cha matabwa ndi nsalu. Pamwamba pake anajambula sitima yapamadzi, ndipo makwerero ankatsika kuchoka m'sitimamo kulowa mumphika. Aphunzitsi asanu anaima m'mbali atagwira zipande zazitali kuposa munthu.

"Kodi kuli chakudya?" anafunsa azakhali.

Malipenga analira. Amuna anayamba kutsika makwerero aja mmodzimmodzi, Apolishi, Ataliyana, Agiriki, aliyense ndi zakwawo, ena atasenza timitolo. Kenako anatulukira Gaspar. Malaya ali mbee, maluwa ali psuu, oonekera ngakhale kubenchi yomaliza.

"Awo! Ndi amenewo!" Etelka anaimirira osadziwa kuti waimirira. Amayi a ku Delray anaomba m'manja, wina anamutsina patsaya, ndipo ngakhale a Bodnar anagwedeza mutu pang'ono.

Gaspar analowa mumphika. Bambo wina wa chimimba anayamba kulankhula mokweza m'Chingerezi, anthu n'kumaseka.

"Akuti chiyani ameneyo?" anafunsa a Bodnar.

Jolan anawerama n'kufikitsa pakamwa pafupi ndi khutu lawo, koma mawu ake anamveka mabenchi onse atatu.

"Ndikumasulireni, bambo? Akuti taonani nsanza zimene anthuwa abwera nazo kuchokera kumayiko a umphawi. Akuti zonsezo zisungunuka mumphikamu, mutuluka anthu atsopano."

"Nsanza?"

"Ndi mmene anenera, bambo. Ine ndangobwereza."

Aphunzitsi aja anayamba kuvundula ndi zipande zawo, akupukuta thukuta labodza. Malipenga analiranso. Amuna anayamba kutuluka mbali inayo, onse ofanana ngati magalimoto amene amapanga: suti yotuwa, tayi, chipewa cha udzu, kambendera m'manja. Wachisanu ndi chimodzi anali Gaspar. Pakhosi pake panali kolala yoyera yopanda duwa ndi limodzi lomwe.

Amayi a m'mabenchi atatu aja anacheukira Etelka. Kenako wina anaseka chamumtima, mnzake n'kumulandira.

"Miyezi isanu ndi iwiri, yapsa pa mphindi zisanu," anatero Mayi Dobos. "Moto wa ku Amereka ndi wamphamvu, mwamva."

Etelka anali chiimire. Analakalaka pansi patang'ambika kuti alowepo, koma pansi pa holo panali pa simenti.

* * *

Panja a Bodnar sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinaopsa. Gaspar anafika akuthamanga, satifiketi m'manja, nkhope itagwa.

"Bambo, ndifotokoze."

"Malaya ali kuti?"

"Sindinadziwe kuti zikhala chonchi, bambo. Mumphika muja ndinafuna kuwavala m'kati mwa suti, koma mphunzitsi anaona maluwa akusuzumira pakhosi. Anati ndikapanda kuvula, satifiketi palibe. Ndinawapinda bwinobwino n'kuwabisa pansi pa makwerero. Pamene ndabwererako ndapeza akolopa kale, zovala zonse azinyamula m'masaka."

"Ndiye unasankha pepala."

"Pepalali ndi nyumba ya mwana wanu, bambo."

"Ulusi umene uja mkazi wanga anaupaka utoto ndi manja ake." A Bodnar anavala chipewa. "Mawu anga sindisintha. Lamlungu, malaya pathupi. Ukabwera ndi suti yakoyo, usagogode n'komwe."

Atachoka, Gaspar anayesa kugwira dzanja la Etelka. Iye analibweza msanga, poti amayi a kwaya anali poteropo, akunamizira kukonza mipango.

"Unandiimika pamaso pa anthu ngati chitsiru," ananong'ona.

"Ine ndinakuuza kuti uitane Delray yonse?"

Etelka anatembenuka n'kutsatira bambo ake. Zoona zimapweteka kuposa chipongwe.

* * *

Lachitatu Gaspar anapita kuholo kuja asanalowe ntchito. Mlonda anamuuza kuti masaka anapita kwa ogula nsanza. Etelka atamva analira mpaka maso kutupa, ndipo atatopa kulira anaganiza chinthu chimene mtsikana wolongosoka sakanaganiza.

"Azakhali, nsalu yoyera ija inatsalako?"

A Piroska anasiya kusenda mbatata. "Usandiuze kuti ukufuna kusoka ena."

"Maluwa ake ndikuwadziwa pamtima. Masiku anayi akwana."

"Nanga ulusi wa mayi ako?"

"Wofiira ndi wofiira. Bambo maso awo anafooka."

"Iwe Etelka, bambo ako sunawanamizepo chibadwire."

"Ndiye ndimutaye Gaspar chifukwa cha mphika wa matabwa?"

Azakhali anapukusa mutu, koma nsalu anatulutsa. Ulusi wa m'sitolo unali wowala kwambiri, choncho anauviika m'khofi kuti uoneke wakale. Etelka ankasoka m'chipinda cham'mwamba bambo ake akapita kuntchito, singano ikumubaya zala mpaka anazimanga tinsalu.

Lachisanu a Bodnar anaona zalazo pa chakudya.

"Watani manja?"

"Ndi mpeni, bambo. Ndimadula kabichi."

"Zala zinayi? Kabichi wake ndi wolusa." Anamuyang'ana mwachifundo. "Usadzizunze, mwana wanga. Sunalakwe ndiwe."

Etelka anabwezera buledi wake m'mbale. Bola akanamukalipira.

Tsiku lomwelo kunabwera kakalata ka Gaspar, atakalowetsa pa mpata wa mpanda. *Wokondedwa wanga, ndamva zimene ukuchita ndipo ndikuchita manyazi kuposa iwe. Ndidzatenga phukusi Loweruka. Bwana woyendera makomo anafika dzulo ine ndili kuntchito. Jolan akuti anamulandira bwino, palibe vuto. Wako mpaka imfa, G.*

Etelka anawerenga mawu akuti "wako mpaka imfa" kasanu. Za bwana woyendera makomo anaziwerenga kamodzi, n'kuziiwala.

Loweruka anakumana ndi Jolan kogula nyama.

"Mnzanga, wachepatu thupi," anatero Jolan. "Malaya aja anapezeka?"

"Anapezeka."

"Zoona?" Nsidze za Jolan zinakwera. "Koma ndiye Mulungu ndi wamkulu. Anapezeka kuti?"

"Kumene anali."

"Ndakondwa, asisi. Ndakondwa kwambiri." Ndipo anatuluka akumwetulira ngati mphaka amene wapeza mkaka osavundikira.

* * *

Lamlungu masana Gaspar anagogoda atavala malaya oyera a maluwa ofiira. Azakhali anali ataphika supu ya nkhuku ndi kabichi wokulungira nyama, ndipo botolo la vinyo linali patebulo losatsegula, kudikira mawu a mwini nyumba.

A Bodnar anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Unawapeza."

"Eya, bambo." Mawu a Gaspar anatuluka ngati a mwanapiye.

Mdalayo anasendera pafupi n'kugwira duwa la pakhosi ndi chala. Etelka anasiya kupuma. Koma a Bodnar sanakwinye nkhope. Maso awo anadzaza misozi.

"Mayi ako anauviika katatu ulusi umenewu," anatero kwa Etelka. "Manja ake anakhala ofiira sabata yathunthu, anthu kumuseka kutchalitchi. Anati udzasokera mkamwini wathu. Ndinkaganiza kuti wapita ndi nsanza, ndipo usiku wonse ndinkamupepesa kuti ndalephera kusunga kanthu kake komaliza." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Mnyamata iwe, ndinakuyesa sipanala. Koma munthu wokafufuza m'masaka a nsanza chifukwa cha mwana wanga, ameneyo ndi munthu. Piroska, tsegula vinyo."

Etelka anayang'ana m'mbale mwake. Nkhope inkamutentha ngati waiyandikitsa pa mbaula. Bambo ake ankalirira ulusi wa m'sitolo wonunkha khofi, ndipo amene anawachita zimenezo anali iye mwini. Pakamwa pake panatseguka kuti aulule, koma azakhali anamuponda phazi pansi pa tebulo.

Apo m'pamene chitseko chinagogodedwa.

"Odi kuno! Tapeza anthu akudya, tili ndi mwayi!"

Anali Mayi Dobos, atavala za kutchalitchi, Jolan ali pambuyo ndi phukusi la pepala.

"Pepani tasokoneza, bambo," anatero Jolan mwaulemu wonse. "Tangobwera kudzapereka katundu wa eni. Tsiku lija ndinamva chisoni ndi Etelka, ndiye ndinalankhula ndi mlonda wa paholo m'Chingerezi, n'kuwapulumutsa masaka asanapite. Ndimati ndiwachape kaye, ndiwasite, ndidzakudzidzimutseni lero."

Anamasula phukusi n'kuyala malaya patebulo, pafupi ndi supu. Kenako anayang'ana Gaspar, n'kugwira pakamwa.

"Mayo! Kodi alipo awiri?"

Ngakhale wotchi ya pakhoma inamveka ngati ikuchita manyazi. A Bodnar anayang'ana malaya a patebulo, anayang'ana a pathupi pa Gaspar. Atayandikana chonchi panalibe chobisika: maluwa a malaya a patebulo anali ofiira kwambiri ngati vinyo, a pathupi pa Gaspar otuwa ngati njerwa. Ananyamula a patebulo n'kuwanunkhiza. Anagwira mkono wa Gaspar n'kuununkhizanso. Kenako maso awo anatsikira pa zala zomanga tinsalu zija.

"Kabichi," anatero pang'onopang'ono.

"Bambo, ndinaopa kuti..."

"Unandisiya ndikulira, Etelka. Unakhala apo, ukundiyang'ana."

Etelka anagwada pansi. Sanathe kutukula maso kupitirira nsapato za bambo ake.

"Achimwene, mwanayu ndamuthandiza ndine," anayamba azakhali.

"Iwe ukhale chete, ndikudziwa khofi wako." Anatembenukira kwa Gaspar. "Vula."

"Bambo?"

"Kuvula sukukudziwa? Unavula pamaso pa Detroit yonse. Vula."

Gaspar anavula, makutu ali psuu, n'kutsala ndi kamalaya ka m'kati. Mayi Dobos anadzithira supu m'mbale ngati ali kwawo.

"Pali kenanso kakang'ono," anatero Jolan, akutulutsa envelopu m'chikwama. "Gaspar, kalata yako ya kukampani, yafika dzulo. Mwina ndifotokoze ndisanakupatse. Bwana woyendera makomo uja anandipeza ndikusita malayawa. Anafunsa kuti ndi a chiyani, ine ndinamuuza mwambo wathu, kuti ndi a chitomero. Ndiye anafunsa dzina langa."

"Unamuuza chiyani?" Gaspar anatuwa.

"Dzina langa. Nanga ndikananama?"

Gaspar anatsegula envelopu. Satifiketi ija inagwira ntchito yake yoyamba tsiku limenelo, poti anawerenga yekha, milomo ikuyenda.

"Ikuti chiyani?" anafunsa azakhali.

"Ikuti madola asanu ayamba mawa." Anatsikira pa mzere wotsatira. "Ikuti akundifunira mafuno abwino ine ndi Jolan Dobos. Ndibweretse kalata ya ukwati pasanathe masiku makumi atatu. Ndipo aliyense wopezeka kuti ananamiza kampani za banja lake, ntchito yatha tsiku lomwelo."

"Si nkhani yovuta," anatero Mayi Dobos, akupemerera supu. "Mnyamata amadya kale kwathu."

A Bodnar anapinda malaya enieni aja mosamala, n'kuwapanira m'khwapa.

"Awa abwerera m'bokosi la mkazi wanga, ndipo kiyi ndisunga ndine." Abodza aja anawaponyera Gaspar pachifuwa. "Awa ndi ako. Pita nawo kwa mkazi wako wa m'kabuku."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Etelka, ali chigwadire, anatukula maso kwa Gaspar. Ankadikira chinthu chimodzi chokha. Manyazi a kuholo akanawapirira, a zala zake akanawapirira, bola mnyamatayo ang'ambe pepalalo pomwepo, aliponye pamapazi a Jolan, anene kuti ntchito ipite koma mkazi ndi uyu.

"Tiyeni Gaspar," anatero Jolan ali pakhomo. "Muzizidwa opanda malaya."

Gaspar anayang'ana Etelka. Anayang'ananso kalata ija, nthawi yaitali ndithu. Kenako anaipinda kawiri, bwinobwino, mopewa kuikwinya, n'kuilowetsa m'thumba la buluku.